Dzina la Kagonedwe Kotsiriza

Chipinda chimene chipatala chinawabwereka chinali chosungiramo mabedi othyoka. Mabediwo sanawachotse, anangowaunjika kukhoma limodzi, miyendo m'mwamba ngati mphemvu zakufa. Pamalo otsalawo ndi pamene Lachitatu lililonse masana Adona ankayala mikeka ya mphira n'kumaphunzitsa amayi odulidwa mawere masewera owongola thupi otchedwa yoga.

Dzina loti Adona anawapatsa ndi amayi omwewo. Adonawo anakhala kunja kwa dziko zaka makumi awiri ndi ziwiri, n'kubwerako ndi bere limodzi, satifiketi yophunzitsira yoga, ndi lilime lopunthwa pa mawu amene anayamwira. Msewu wa mitengo umene ankaulota m'miyezi yachisanu anaupeza uli mashopu a mafoni okhaokha. Pamene panali laibulale pankagulitsidwa matayala. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu umene timapatsa mlendo amene tikudziwa kuti sakhalitsa.

Lachitatu limeneli pa mkeka wakukhomo panakhala mng'ono wawo, amene m'banja monse ankangomutchula kuti Mzime. Anali ndi saluni yake, ana atatu, ndi chotupa chonga dzira la nkhunda m'bere lakumanzere. Dokotala anali atamuikira opaleshoni Lachisanu. Fomu yovomera inali itatha milungu itatu m'chikwama, pakati pa zipeso ndi ulusi wolukira tsitsi, yosasainidwa.

"Amayi anawadula, miyezi isanu tinaika m'manda," Mzime ankatero nthawi iliyonse nkhaniyi ikayambika.

"Amayi anachedwa, iwe. Khansa inali itafika kale m'mafupa."

"Munaliko, achemwali?"

Funso limenelo linkatseka nkhani. Adona maliro a mayi awo anawaonera pafoni, atakhala m'mphepete mwa bedi, chithunzi chikudukaduka. Choncho anasiya kukangana naye, n'kumupempha chinthu chimodzi chokha: abwere adzaone amayi amene anadulidwa koma akuyenda, akuseka, akukweza manja.

Anayamba monga mwa masiku onse, nkhope kukhoma, zala zikukwera pang'onopang'ono ngati kangaude. Munthu akachotsedwa bere ndi timisempha ta m'khwapa, mkono umakana kukwera, umakoka ngati muli chingwe. Aliyense anali ndi mzere wake wa pensulo pakhomapo wosonyeza pamene anafika sabata yatha.

"Pumirani m'kati. Musaumirize. Mkono si bulu."

"Wanga ndi bulu ndithu, Adona," anatero Atelala, mayi wamkulu thupi amene ankasoka zovala pafupi ndi siteji ya mabasi. "Watengera bambo a kunyumba, umayenda ukaona chakudya."

Atelala ndi amene ankasokera gulu lonse timapilo ta thonje toika m'kamisolo. Pamene onse anawerama, manja ndi mapazi pansi, msana m'mwamba, kapilo kawo kanapulumuka n'kugubuduka mpaka kunsi kwa mabedi.

"Ligwireni! Bere langa likuthawa! Loyamba anatenga adokotala, ili ndiye ndisalole!"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Anamwino, mayi wowonda amene anapuma ntchito pachipatala chomwecho, anakakokera kapiloko ndi ambulera. Adona anasuzumira kukhomo. Mzime ankaseka, dzanja pakamwa, misozi ili m'maso. Kenaka anavula nsapato n'kugwada pamkeka, osauzidwa ndi munthu. Mtima wa Adona unagunda ngati wa mwana amene waona bambo ake akutsika basi.

Ola litatsala pang'ono kukwana anatseka makatani.

"Tsopano shavasana."

"Eya, yatulo ija," anatero Atelala, akudzigwetsa chagada. "Imeneyi yokha ndiye ndinakhoza tsiku loyamba."

Onse anagona chagada, manja m'mbali, zikhatho kumwamba, mapazi atagwera uku ndi uku. Adona ankayenda pakati pawo mosaponda mwamphamvu, kuwongola khosi la uyu, kutsitsa phewa la uyo. Atafika pa Mzime anamugwira pachipumi. Zaka zinali zitapita zambiri chimugwirireni.

"Achemwali," Mzime ananong'ona, maso ali chitsinzinire, "mawu amenewo ndiye kuti chiyani?"

Miyezi inayi yonse panalibe amene anafunsapo. Ndipo Adona anali munthu wa mabuku, woti funso likamufika yankho limatuluka lisanapemphe chilolezo. Kunja kuja dzinali ankalimasulira tsiku ndi tsiku m'chilankhulo cha eni dziko, akumwetulira, m'zipinda zonunkhira maluwa, ndipo silinkaluma munthu.

"Shava ndi mtembo," anatero. "Ndi kagonedwe ka mtembo."

Mawuwo anawamva okha akutuluka, ndipo anadziwa kuti alakwa. M'chilankhulo chobwereka mtembo ndi mawu chabe. M'chilankhulo cha amayi ako mtembo uli ndi kulemera kwake, uli ndi nsalu, uli ndi anthu ounyamula.

Atelala anadzuka n'kukhala tsonga.

"Mwati chiyani, Adona?"

"Ndi dzina chabe. Tanthauzo lake n'lakuti munthu usiye zonse, thupi lipume..."

"Lipume! Ndiye kuti miyezi inayi yonseyi takhala tikuyeserera maliro athu? Inu n'kumatikonza makosi bwinobwino kuti tidzakwane m'bokosi?"

Wina anaseka, koma chiseko chake chinafera m'njira. Mayi wina wachitsikana, amene tsitsi linali lisanamere chithere mankhwala a m'diripi, anapinda miyendo msangamsanga ngati pamkekapo pali moto. Anamwino anangoti, "Mukanatiuza, mayi. Ena tikanagona chammbali."

Mzime anali atatola kale nsapato zake. Sanazivale, anatuluka nazo m'manja.

Adona anamupeza m'chimbudzi cha amayi kumapeto kwa khonde, ataima pa sinki, madzi akungotayika.

"Mzime, lilime langa..."

"Mapazi a amayi anagwa choncho." Sanatembenuke. Ankalankhula ndi galasi long'aluka la pamwamba pa sinki. "Lina uku, lina uku. Ndinawagwirizanitsa ndine. Zikhatho ndinazitembenuza ndine. Inu mtembo munauwerenga m'buku, achemwali. Mwabwera nawo m'sutikesi kudzatigoneka nawo pansi."

"Ndinkafuna uone kuti anthu amachira."

"Ndaona atelala. Ndaona anamwino. Inu sindinakuoneni."

"Ndili pano."

"Muli pano ndi mawere awiri." Tsopano anatembenuka, n'kuloza pachifuwa pa mkulu wake. "Anzanu akugwetsa mapilo, akuseka. Lanu la kunjalo silisuntha n'komwe. Zaka zisanu ndi chimodzi mukundiuza pafoni kuti si kanthu, si kanthu. Ngati si kanthu, mumakhomeranji chitseko posamba m'nyumba mwanga?"

Chipsera cha pachifuwa pa Adona anachionapo ndi madokotala, ndi mwamuna mmodzi amene patapita chaka analongedza katundu wake mwaulemu kwambiri. Iwo eni ankavala atafulatira galasi. Ankaphunzitsa ena kupumira m'malo opweteka, koma pamalo pawo mpweya unkangolambalala.

Adona anakankha chitseko ndi chidendene n'kuchitsamira. Anavula malaya. Anamasula kamisolo. Bere la mphira, lofunda ndi thukuta, analiika pa sinki pambali pa sopo.

Mzere unayambira pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa, wotuwa, wokwinyika kumapeto ngati pakamwa pa thumba. Nthiti zinkaoneka. Mzime anayang'ana nthawi yaitali ndi maso a munthu wozolowera kuyang'ana mitu ya anthu n'kudziwa pamene lumo linalakwa. Kenaka anayendetsa chala pamzerewo.

"Mukumva?"

"Apo ayi. Pafupi ndi khwapa ndimamva ngati nyerere."

"N'ponyansa."

"Eya."

"Bwanji simunanene choncho? Mukanati n'ponyansa, pamapweteka, mwamuna anathawa, koma ndili moyo. Ine ndikanamva. Koma inu ayi, mpweya m'kati, mpweya kunja."

Wina anagogoda. Adona anakanikiza chitseko ndi msana. Mzime anatseka mpopi, anapukuta manja m'siketi, n'kutsegula chikwama. Fomu inatuluka itapindikapindika, ili ndi banga la mafuta a tsitsi pakona. Anaitsamiritsa kukhoma. Cholembera chinakana kulemba choimirira, anachikutumula kawiri, n'kusaina dzina lokhotakhota ngati la mwana wa sukulu.

"Musaganize kuti ndasainira yoga wanuyo."

"Sindikuganiza kanthu. Lachisanu ndidzakuperekeza, ndidzakhala pakhomo mpaka..."

"Ayi."

"Mzime."

"Ndikamadzagona pa tebulo lija chagada, manja m'mbali, sindikufuna kudzakumbuka mawu anu. Ndikadzakuonani pakhondepo ndidzawakumbuka." Anavala nsapato, imodzi, kenaka inzake, atagwira sinki. "Mundipemphere atelala aja. Iwo ndi amene adzandiperekeze. Inu mudzatenge ana kusukulu. Wamng'onoyo amatuluka hafu thwelofu, ndipo sadya chinthu chokhudzana ndi chinzake m'mbale."

Adona anachoka pachitseko. Mzime anadutsa, fomu ili m'manja, n'kulowera kumene kuli ofesi ya adokotala. Mayi amene ankagogoda uja analowa, anaona chifuwa, anaona chimene chinali pa sinki, n'kunena kuti pepani, ngati walowa m'nyumba ya maliro.

Adona atabwerera kuchipinda anapeza makatani atatsegulidwa. Amayi atatu anali atapita osatsanzika. Atelala anakhala pa bedi lothyoka, chikwama pamiyendo, nkhope ilibe nthabwala.

"Mng'ono wanu?"

"Wasaina. Akupempha kuti Lachisanu mudzamuperekeze inuyo."

"Ine? Nanga inu?"

"Ine ndikatenga ana."

Atelala anawayang'ana kuyambira kumaso mpaka pachifuwa, pamene malaya tsopano anali lendee mbali imodzi. Sanafunse. Anadzuka, bedi likulira.

"Nthawi yanji?"

"Seveni m'mawa."

"Mumuuze asadye kanthu kuyambira usiku. Ndipo abwere ndi malaya a mabatani kutsogolo, mkono sudzakwera."