Bandeji Yoyera Pamutu pa Tin

Zipatala zisanu pa zaka khumi ndi chimodzi. Sindikhalitsa pamalo. Ndinabadwira mumzinda waukulu wa Saigon, pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo tauni iliyonse imanditopetsa ikangokwana mvula yachiwiri. Anzanga amadzitama ndi maopaleshoni. Ine ndinkadzitama ndi mphuno. Yowongoka bwinobwino. Panalibe mbale wa wodwala amene anaikhudzapo.

Sunali mwayi ayi. Ndinachita kuphunzira. Dokotala samenyedwa paliponse. Amamenyedwa m'chipinda cha angozi, pakati pa bedi ndi khomo. Amamenyedwa achibale akapitirira atatu. Amamenyedwa anthu akadikira panja osauzidwa kanthu, makamaka m'mimba mukakhala mowa wa mpunga. Ndiye ine ndinkaima chakukhomo. Nsapato zanga zinali zothamangira. Ndikafika pachipatala chatsopano ndinkayamba kufunsa khomo lakumbuyo, chimbudzi pambuyo pake.

Chaka chimenecho ndinali pakachipatala ka m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwenikweni kuminda ya mpunga. Namwino wamkulu anali a Tham, mayi wamfupi wa mawu ngati lipenga. Ankandiseka m'mawa uliwonse.

"Adokotala a Khiem, lero tithawira khomo liti?"

"Sekani, achemwali. Mphuno yanga ndi umboni."

Linali Lamulungu, nyengo ya maukwati, dzuwa litangopendeka. Nthawi yoipa. Anthu amakhala adya, amwa, akwera njinga zamoto.

Galimoto ya mavwende inaima pakhomo. Woyamba kulowa anali mnyamata wa malaya opitira ku ukwati, nkhope yonse magazi, akukuwa. Dzina lake Tin. Anali atanyamula bambo ake panjinga yamoto pochokera ku ukwatiko, n'kuwomba mpanda wa malata pafupi ndi mlatho. Bala lake linali la pachipumi, laling'ono koma laphokoso. Bambo akewo anali akuwatsitsabe. Ndinatola bandeji, n'kuizunguliza mutu wonse katatu, n'kumanga mfundo kumbuyo. Nsonga ziwiri zinatsala zikulendewera m'khosi.

A Tham anayang'ana. "Adokotala, mwamumangatu ngati..."

"Palibe nthawi, achemwali."

Anawalowetsa bambo aja. A Sau Loc, mlimi wa zaka makumi asanu ndi awiri, okomoka. Lata linang'amba ntchafu mpaka mtsempha waukulu. Magazi ankachita kutumpha. Ndinagwada pambali pa machira, n'kukanikiza ndi manja onse awiri, thupi lonse pamwamba pake. Anasiya kutumpha. Ndikanangochotsa manja, mkuluyu sakanatha mphindi zitatu.

"Kaitaneni dokotala wa opaleshoni! Mubwere ndi magazi!"

A Tham anathamanga.

Panja njinga zinali zikufika. Imodzi, zinayi, khumi. Ukwati wonse. Ndinakumbukira lamulo langa: achibale asadikire osauzidwa kanthu. Ndinamva kunyada pang'ono, kuti ngakhale pano mutu ukugwira.

"Iwe Tin! Tuluka, ukawauze abale ako kuti tikuthandiza. Adikire."

Anatuluka akulira. Mutu uli mbee.

Panja mayi wina anayamba kulira. Osati kulira kwa mantha. Kulira kwa maliro, kokoka, kotchula dzina. Ena anapolokezana naye. Tin, pomva onse akulira, analira koposa, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe.

Chitseko chinamenya khoma. Analowa mwamuna wamapewa ngati njati, tayi ali paphewa, helemeti ili m'manja. Mwana wamkulu wa a Sau Loc, Duoc. Fungo la mowa linalowa iye asanalowe.

"Mwawapha bambo anga!"

Khomo lakumbuyo linali mapazi awiri kuchokera pomwe ndinagwada. Lotsekula. Ndinkaona abakha akuyenda pabwalo, mpanda waufupi, msewu. Zaka khumi ndi chimodzi ndikukonzekera mphindi imeneyi. Nsapato ndinali nazo.

"Achimwene, ali moyo! Taonani chifuwa, akupuma!"

"Ali moyo? Undinamize ine? Nanga mng'ono wanga wavala chiyani kumutu? Mwamuveka kale nsalu ya maliro, musanatiuze n'komwe!"

Apa m'pomwe ndinaiona. Nsalu yoyera kuzungulira mutu, mfundo kumbuyo, nsonga zikulendewera. Ndendende ija ndinavala ineyo pamaliro a mayi anga. Ndinamutuma mwana wa wodwala kwa abale ake atavala uthenga wa imfa. Womanga ndi manja anga.

"Ndi bandeji! Achimwene, ndi ban..."

Helemeti inafika pamphuno. Ndinamva kuti khwa, ngati munthu waponda nkhanu. Yachiwiri inagwera pakhutu. Dziko linapendekera mbali imodzi. Magazi anga anayamba kudontha pamanja anga, n'kusakanikirana ndi a mkulu uja.

Sindinachotse manja.

Anthu anadzanena kuti kunali kulimba mtima. Ndinene chilungamo. Miyendo inali itachita dzanzi ndi kugwada, sindikanathawa ngakhale ndikanafuna. Za miyendo ndikudziwa. Za manja sindikudziwa. Ndinawauza kuti achoke, tibise nkhope. Anakana.

Duoc anakweza helemeti kachitatu.

"Iwe! Ika pansi chimphikacho!"

A Tham. Dzanja limodzi thumba la magazi, linalo khutu la Tin. Anamukokera mkati ngati mbuzi, n'kusolola bandeji ija kamodzi.

"Taona, chitsiru cha munthu! Bala ili! Maliro ake ati? Ndipo iwe Tin, pakamwa unasiya pamlatho?"

"Ndimafuna kunena, azakhali, koma onse amalira..."

"Khala chete. Iwe Duoc, ukuwaona manja awo? Ndi amene agwira moyo wa bambo ako. Menyanso, achoke. Mukatero nonse muvaladi zoyera, ndikumangani ndekha."

Duoc anayang'ana manja anga. Anayang'ana chifuwa cha bambo ake. Chinakwera, chinatsika. Helemeti inagwa pansi n'kugubuduka kulowa pansi pa bedi. Anagwada pafupi nane, munthu wamkulu yense uja.

"Adokotala, pepani... ndikugwirireni?"

"Usandikhudze. Ndipukute mphuno, sindikuona."

Anandipukuta ndi tayi.

Dokotala wa opaleshoni anafika mpunga uli pamlomo. Tinawakankha machira mpaka kuchipinda chake, ine ndikukwawa pambali, manja ali pomwepo. Atapana mtsempha anandiuza kuti ndisiye. Zala sizinawongoke. A Tham anachita kuzikanula chimodzichimodzi.

A Sau Loc anatsitsimuka madzulo. Sanafunse za mwendo. Anafunsa ngati njinga yawo yawonongeka kwambiri, n'kumutukwana Tin.

Ine ndinakhala pampando, a Tham akundikonza nkhope.

"Ndizungulize mutu wonse, adokotala? Mfundo kumbuyo?"

"Pulasitala chabe, achemwali."

"Anthu a ku Saigon. Khomo lililonse mukulidziwa, nsalu ya maliro ayi."

Patapita milungu itatu mkulu uja anabwera akuyenda ndi ndodo, Duoc ali pambuyo atanyamula abakha awiri omanga miyendo. Duocyo sanandiyang'ane m'maso. Abakhawo tinadya ndi anamwino.

Mphuno inapolera chakumanzere. A Tham amati ikuloza kukhomo lakumbuyo. Mvula yachitatu inayamba sabata yatha, ndipo chikwama changa chidakali pamwamba pa kabati. Ndikati ndichitsitse, ndimakumbukira kuti kwina kulikonse ndikafunika kufotokoza za mphunoyi kuyambira pachiyambi.