Chala cha Mehrban

Ine ndi Mehrban tinkapenta zizindikiro pa ndege zankhondo ku Kohat, mu India wakale wolamulidwa ndi Angerezi. Ntchitoyi si ya munthu mmodzi. Phiko la ndege sukhomapo msomali, ndiye wina amapanikiza chingwe pakati ndi chala chachikulu, mnzake n'kumazungulira ndi choko kunsonga ya chingwecho mpaka mkombero utakumana. Wa chala anali Mehrban, wozungulira ndinali ine, Tarlochan. Mkuluyo anali mlesi, wokonda tiyi wa eni, koma chala chake chikatera paphiko chinkakhala ngati chamera pomwepo.

Mitundu tinaisintha ndithu. Tinayamba ndi ya Angerezi, kufiira pakati, kenako kuyera, buluu kunja. Nkhondo ya Ajapani itavuta anatiuza kuti tifafanize kufiirako, poti ndege za Ajapani zinali ndi chizindikiro chofiira, ndiye asilikali apansi akangoona kadontho kofiira m'mwamba ankawombera asanafunse, mwina n'kulasa ndege yawo yomwe. Mehrban ankangoseka, amati akuluakulu amasintha mitundu ngati mkwatibwi, ife bola chapati chili m'mbale.

Chaka chimene dziko linagawidwa kukhala India ndi Pakistan sanaseke. Akuluakuluwo anagawa ndege, makwerero, zitini za penti, ngakhale mabulashi. Ifenso anatigawa. Mehrban, Msilamu, anali wotsala ku Kohat, komwe tsopano kunali mbali ya Pakistan. Ine Msikhi, wa chipembedzo cha nduwira ndi ndevu zosameta, ndinali woti ndikwere sitima ya ku India ndi banja langa. Ulendo utayandikira kunabwera lamulo lakuti ndege zotsala zipentedwe chizindikiro cha Pakistan, kubiriwira kunja, kuyera pakati. Mtima wanga unali pa mkombero womaliza ndi mnzangayo. Njira ina yotsanzikira sindinkaidziwa, pakamwa panga mpolemera chibadwire.

Iye anakana. Anakhala pamgolo manja ali m'khwapa, n'kundiuza kuti chizindikiro si maluwa, ntchito yake ndi kuuza wamfuti kuti uyu msiye, uyu muwombere.

"Ndikugwirire chingwe kuti ujambule wekha chimene chidzawuluke pamwamba pa denga lako? Kamange katundu, Chindevu iwe."

Ndinapsa mtima. Ndinakwera ndekha paphiko, n'kutsindira chingwe ndi chitini cha penti. Nditangokoka, chitini chinatsetsereka. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Thukuta linkatsika m'nduwira yanga, iye akungondiyang'ana ngati akuonera mbuzi ikulimbana ndi chikhomo.

"Chitinicho nzeru zake n'zofanana ndi mwini wake," anatero, uku akukwera makwerero. "Sendera."

Anagwada, n'kuika chala. Ndinayamba kuzungulira monga mwa masiku onse, koma chingwe chinkandiuza zachilendo m'manja: chala cha Mehrban chinkanjenjemera. Sindinadzutse maso, ndinkaopa kuona nkhope yake. Choko chitabwerera pomwe chinayambira, mkombero unali utasongoka mbali imodzi ngati dzira. Tonse tinauona. Chiyambire kugwirira limodzi, zoterezi zinali zisanatichitikirepo.

Ndinatenga kansanza kuti ndifufute. Anandigwira dzanja.

"Usiye choncho, achimwene. Ndegeyi ikadzadutsa kwanuko udzadziwe kuti ndi yathu."

Tinaupaka penti momwemo, iye koyera, ine kobiriwira. Sajeni wotiyang'anira masiku amenewo mutu unali utamukulira, sanakwere n'komwe kudzayang'ana. Titamaliza, Mehrban anakulunga chingwe chija n'kundiponyera m'thumba, akuti iye chala ali nacho kale. Kenako anandikumbutsa kuti tiyi wa tsikulo ndinali ndisanamugulire.

Ku Ambala, ku India kuja, ndinapeza ena ogwira chingwe, anthu abwinobwino, ndipo mikombero yathu inkatuluka yosalakwika. Koma mnzangayo ndinamusowa kwambiri, ndipo mbiri yake sindinaimvenso. Patapita zaka, maiko awiriwa atayambana, lipenga lochenjeza likalira anthu ankathamangira m'maenje, mkazi wanga akundikalipira kuti ndafuna kumusiya wamasiye. Ine ndinkatsalira panja, dzanja pachipumi, kufunafuna ndege ya mkombero wa dzira. Sindinaionepo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkafunadi kuiona.