Kapaipi Kafupi, Kapaipi Katali

Tuntufye Mwakasungula anali munthu wotopa, koma osati chifukwa chosowa tulo. Tulo ankagona ndithu, ngakhale m'sitima ya m'mawa yochokera ku Leicester kupita ku Loughborough, mutu atatsamira pagalasi, kukamwa kuli yasa. Chimene chinkamulemera chinali liwu limodzi lomwe ananena pamsonkhano wa kuntchito dzinja lisanayambe.

Anali injiniya pa kakampani kena kopanga mfuti zotumiza kunja. Ku England mfuti zamtundu umenewo munthu wamba saloledwa kukhala nazo, choncho akafunsidwa kutchalitchi ankangoti amajambula zitsulo, anthu n'kumusiya. Chaka chimenecho kampaniyo inapeza oda kuchokera ku bungwe lina losamala nyama zakutchire kwathu, ndipo mmodzi mwa alonda odzanyamula mfutizo anali mng'ono wake weniweni, Walusungu.

Mfuti yake inali ija yodziikira yokha chipolopolo. Pa mpope wake amaboolapo kabowo, ndipo munthu akaombera, mpweya wa onga umathawira pamenepo, kudutsa m'kapaipi, n'kukakankha chitsulo chimene chimalavula chigoba cha chipolopolo choombedwacho ndi kulowetsa china. Nkhani yonse inagona pa kutalika kwa kapaipiko. Kakakhala kafupi, mpweya umabwera waukali, mfuti imamenya phewa ndipo zitsulo zimatha msanga, koma imakankha ngakhale yadya fumbi. Kakakhala katali, mfuti imaomba mofatsa ndipo imakhalitsa, koma ndi yachizungu, imafuna ukhondo ndi zipolopolo zabwino.

Mkulu wa mainjiniya anali a Munaf, bambo wa ndevu zoyera, wokoma mtima, amene anamulemba ntchito Tuntufye atangomaliza sukulu. Iwo anakonda katali. Anakayesa m'chipinda choomberamo, choyera ngati cha opareshoni, ndipo mfuti inaomba bwino kwambiri. Pamsonkhano anayang'ana aliyense, kenako anafika pa iye.

"Tuntufye, kumeneko n'kwanu. Ukuona bwanji?"

Iye ankadziwa. Ankadziwa fumbi la mwezi wa Okutobala lolowa mpaka m'mano. Ankadziwa kuti Walusungu amapukuta mfuti ndi kansanza konyika mu oyilo wotsala wa galimoto, ndi kuti zipolopolo zawo zimakhala zaka m'chipinda chotentha. Koma anaona ndevu zoyera zija, ndipo anamva mawu a malemu bambo ake akuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Kwa eni kulibe mkuwe. Anaweramitsa mutu nati, "Chabwino, bwana."

Kwathu wamkulu akamva yankho lotere, maso ali pansi, amadziwa kuti mwanayu ali ndi mawu, ndipo amamuitanira kuseri kukamufunsa bwino. A Munaf anakulira ku Leicester. Anamva kuti wavomera, anamwetulira, n'kutumiza zojambula kwa oboola mipope.

Kuyambira tsiku limenelo Tuntufye ankati anena mawa. Mawa likafika a Munaf anali pafoni, kapena anali osangalala kwambiri, kapena kunali anthu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo dzinja linatha iye akukonzabe mawu m'sitima.

Amene anamutulutsa m'chigobamo anali mkazi wake Christabel, namwino, Loweruka lina masana atangoweruka. Anakhala pampando nsapato asanavule, miyendo itatupa, akumvetsera mwamuna wake akufotokoza za mapaipi kachikhumi.

"Inu a Mwakasungula, ine ndatopa, ndadabula shifiti," anatero. "Kuwodi kwathu dokotala akalemba dozi yolakwika ndimamuchalenja pompo, kaya ali ndi imvi mpaka m'mphuno. Ukangoti yesi dokotala, peshenti ndi amene amapita. Ndiye inu mukudikira chiyani, Walusungu akutumizireni uthenga ali m'bokosi?"

Mawuwo anamupweteka Tuntufye, ndipo anakwiya tsiku lonse, makamaka chifukwa anali oona.

Lolemba sanakonze mawu alionse. Anapempha a Munaf kuti apite naye kuchipinda choomberamo, ndipo anatenga mfuti ziwiri zoyesera, ya kapaipi katali ndi ya kafupi. Anatapa mchenga wosalala mu ndowa yozimira moto, nauwaza m'zitsulo za zonse ziwiri, nadontheza oyilo wakuda, n'kuikamo zipolopolo zofooka zimene ankazisungira mayeso.

Ya kafupi inamumenya phewa ngati yakwiya, koma inaomba mpaka zipolopolo kutha. Ya katali inaomba mofatsa, inaombanso, kenako chigoba chinakanirira pakhomo potulukira, mfuti n'kukhala chete. Anaikonza, anayesanso, ndipo inachita chimodzimodzi.

A Munaf anavula zotsekera m'makutu pang'onopang'ono. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Kumeneko amazisunga chonchi?"

"Inde, bwana. Nthawi zina kuposa apa."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku la msonkhano lija."

"Ndinakufunsa, mwana wanga. Ndinakutchula dzina."

"Ndinu akulu," anatero Tuntufye, ndipo atazimva yekha anachita manyazi mpaka kumapazi.

Bamboyo anakhala pabenchi, nkhope itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka wokalamba. Anati ayimitsa mfuti zotsala lero lomwe, abooletsa mipope ina, ndipo alembera bungwelo kulichenjeza. Koma gulu loyamba la mfutizo linali litanyamuka kale, ndipo zatsopano kuti zipangidwe, ziyesedwe ndi kupatsidwa chilolezo chotulukira, nyengo ya fumbi ikhala itadutsa. Kabowo kakabooledwa sikasunthika.

"Kalata yanga ikafika pa desiki ya munthu wa mu ofesi," anatero a Munaf. "Iwe uli ndi munthu kutchire. Muimbire."

Tuntufye anatuluka panja, pamalo oimika magalimoto, mvula yamawawa ikugwa ija yosanyowetsa koma yosatha. Foni inaitana nthawi yaitali Walusungu asanayankhe, mawu ake akudukaduka ndi mphepo, koma chimwemwe chili chodzaza.

"Achimwene! Zafikatu zanu zija! Anyamata akuti m'bale wako ndi dolo. Ndaombera dzulo, yofewa ngati buledi, phewa osamva kanthu."

"Walu, tamvera. Mfutiyo ikadya fumbi imaima. Usapite nayo kutchire. Usunge yakale ija mpaka titumize zina."

"Aa, zakale abwana atolera m'mawa uno, akuti zikatsekeredwe. Mawa tikulowa patrolo ya sabata, kuchigwa kuja kunaphedwa njovu."

"Ndiye upite kwa abwana akowo pompano. Uwauze kuti wopanga mfutiyo wanena kuti imakanirira. Uwauze kuti sunyamuka nayo. Akakana undipatse ndilankhule nawo, wamva?"

Tuntufye ankamva mbalame kutali, ndi munthu wina akuseka. Abwana a Walusungu ankawadziwa, bambo wa imvi amene anamulemba ntchito mnyamatayo atasowa kolowera, ndi amenenso anayenda mtunda wautali kudzakhala nawo pamaliro a bambo awo. Ankadziwanso amene anamulera Walusungu bambo atamwalira, amene ankamukoka khutu akayankha akulu, chifukwa anali iye mwini.

"Walu, ukundimva? Uwauza?"

Mng'ono wake anatsitsa mawu, mwaulemu wonse umene anaphunzitsidwa, ndipo ngakhale pafoni zinkamveka kuti maso ali pansi.

"Chabwino, achimwene."