Bwato la Mpando Umodzi

Amuna anga, a Fanwell, nyanja sanaionepo. Kwawo ndi ku Katete, ndipo madzi aakulu amene maso awo anaonapo ndi mtsinje wa Luangwa, nawonso anauonera pa windo la basi akutafuna nsomba youma. Koma ndi munthu yemweyu amene anakatenga bwato la azungu la panyanja yamchere n'kubwera nalo kuno ku Kanyama. Anthu amaseka akaimva nkhaniyi. Ine imandipsetsabe mtima.

Zinayamba ndi kalata. Mwana wathu Tionge anamaliza maphunziro a unesi n'kukhala pakhomo zaka zitatu, akundithandiza kugulitsa tomato. Kenako kalata inabwera: akaonekere ku kiliniki pa Mande, ziro eyiti m'mawa, atavala yunifomu, mapepala ali m'manja. Akapanda kufika, malo apatsa wina. Ndipo wina kuno ku Lusaka sasowa, amakhala ataima kale pa geti.

Vuto linali mwezi. Unali Febuluwale, ndipo pansi pa Kanyama ndi mwala wokhawokha, madzi salowa. Mvula ikagwa masiku atatu, kanjira kathu kamasanduka mtsinje wofika m'ntchafu, zimbudzi zonse n'kutuluka kudzacheza ndi anthu. Wofuna kufika pa tara, msewu waukulu wa phula, ali woyera amakwera wilibala ya a Lemmy, bambo wa kuseri kwathu amene m'chilimwe amanyamula makala. Ine ndinali nditapangana nawo kale kuti adzamutenge Tionge mamawa.

A Fanwell atamva, anaika supuni pansi.

"Mwana wanga, nesi wa boma, pa wilibala monga saka ya malasha? Awe, bamake Tionge. Osati nikali moyo."

Sanalekere pomwepo. Anapita kwa a Lemmy n'kuwauza pamaso pa anthu kuti wilibala yawo ikanyamule zidakwa. Atabwerako anandiuza kuti ndivale chitenge chabwino, tikupita kukasankha bwato.

Bwatolo linali kwa mnyamata wina, Kapambwe, amene amagulitsa katundu wakale wochokera kunja: mafiriji, njinga za ana, mipando ya olumala, chilichonse chimene azungu atopa nacho. A Fanwell amawotcherera mageti, ndiye anali atagwirizana naye kuti amuwotcherera zitsulo za pa mawindo a shopu, iye awapatse bwato. Kapambwe anakoka zikwama ziwiri zazikulu n'kuzikhuthula pansi. Munali timapaipi, malamba ndi nsalu yolimba ngati tenti ya pamaliro.

"Iyi ni kayaki, madala," anatero Kapambwe. "Mupinda, muika mu chola, mwayenda. Yalipo yabili. Iyi ya gilini ni ikulu, mipando ibili, sigwa-igwa. Iyi yofiira ni ya munthu umozi, ya pa nyanja ikulu. Ithamanga maningi, koma ifuna ozibako."

Lobiriwira linali lonyansa, sindikana. Linali lotambalala ngati bafa, ndi chigamba chakuda pambali. Koma ine ndinawerenga mipando, ndipo inali iwiri. A Fanwell maso awo anali atamatirira kale pa lofiira.

Kapambwe, poona kuti nsomba yadya nyambo, analumikiza lofiiralo pomwepo pakhonde. Linatuluka lalitali, lowonda, losongoka uku ndi uku, pakati pali kabowo kolowera munthu.

"Iyi simukwela, madala. Muvala. Ifunika ikugwileni bwino-bwino m'chiuno."

Mawu amenewo ndi amene anatipha. A Fanwell atangomva zovala, anakumbuka nzeru za pa salaula, pamene timagula zovala za kaunjika. Panali kansalu kakuda kokhala ndi lasitiki, kamene munthu amavala m'chiuno n'kukakoleka pa bowo kuti madzi asalowe. Iwo anakatenga, anakapinda pakati, n'kukazunguliza m'khosi, monga timayezera thalauzi pamsika pamene palibe povulira. Nsonga zinakumana kumbuyo kwa khosi.

"Saizi yanga ndendende!" anakuwa.

Anavula nsapato n'kudzipanikiza m'kabowo. Zinatenga nthawi, chifukwa khosi la a Fanwell linasiya kugwirizana ndi mimba yawo kalekale. Atalowa anayamba mafunso, ndipo munthu ukanati ndi kapitawo wa sitima. Mawondo agunda pati? Chotsamira chamsana chimasunthika? Zala zakuphazi zikufika pa chopondera? Anatsamira kumbuyo, anaweramira kutsogolo, anagwedeza matako, anapempha nkhafi n'kupalasa mphepo mpaka anagwetsa ketulo pa shelefu. Ola lathunthu linatha akudziyeza.

Ine ndinafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga Tionge azakhala pati?"

Anandiyang'ana ngati ndayetsemula m'tchalitchi.

"Kumbuyo kuno, pamwamba. Monga pa njinga za ku Chipata. Imwe vinthu va pamadzi simuviziba."

Kapambwe anayang'ana kumbali. Ankadziwa, galu ameneyo, koma lobiriwira ankafuna kuligulitsa kwa anthu a pa loji ina ya alendo.

Tsiku la Sande titaweruka kutchalitchi, a Fanwell anakhuthula chikwama n'kuyamba kulumikiza bwato lawo lofiira. Pabwalo panali madzi kale, choncho analumikizira m'nyumba. Pepala la malangizo linali m'chilankhulo chimene ngakhale Tionge sanachizindikire. A Fanwell anatuluka thukuta, anatukwana azungu, ndipo pomaliza panatsala timapaipi titatu topanda kwawo. Anati n'tapadera. Pamene panagwedera anamangapo malegeni odula ku chubu cha tayala. Bwato litatha linayambira pa kabati mpaka kutulukira pakhomo, moti chitseko sichinatsekeke, ndipo udzudzu wonse wa mu Kanyama unabwera kudzaliona.

Tionge anandikokera kuchipinda. Anali atasita yunifomu yake kawiri n'kuipachika pamwamba penipeni.

"Amama, nili na mantha. Nikagwa mu madzi muja, nizayenda bwanji ku nchito?"

Ndinamuuza kuti asade nkhawa. Zaka zitatu mwanayu akudzuka folo koloko kukapikula tomato ku msika wa Soweto, anzake akumufunsa kuti unesi uja unathera pati.

Pa Mande kunacha ndi mvula yowaza. Madzi anali atafika pa sitepe yachiwiri, akuda bii, mapepala apulasitiki ndi zina zosatchulika zikuyandama. A Fanwell anatuluka atavala jekete la suti, tayi, ndi kansalu kawo kakuda m'chiuno kakulendewera ngati siketi ya mwana wa sukulu. Anthu anali atadzaza kale m'makonde. Ena anakwera pa mipanda, mafoni ali m'manja.

A Fanwell analowa m'bwato mothandizidwa ndi amuna awiri. Kenako anaitana mwana ndi dzanja, monga dalaivala wa nduna.

Tionge anatuluka ali mbee, nsapato zoyera zili m'pulasitiki pamodzi ndi mapepala. Anaika phazi limodzi kumbuyo kwa bwato. Bwato linapendekeka nthawi yomweyo, a Fanwell anakuwa "Mayo!", ndipo ndikanapanda kumugwira mkono mwanayo, zaka zitatu zija zikanathera m'madzi a chimbudzi. Tionge anabwerera pa sitepe.

"Wakwela moipa," anatero atate ake. "Imani pamene apo, niyese injini. Nifika pa kona, nibwela."

Injini yake iti? Koma anapalasa, ndipo kunena zoona bwatolo linkathamanga. Linadutsa nyumba zinayi ngati muvi, anthu akuimba m'manja, iwo akugwedeza mutu uku ndi uku kulandira ulemu. Anaiwala chinthu chimodzi chimene akhala akuchiona zaka makumi awiri. Kanjira kathu sikowongoka. Pa shabini ya a Chisala kamakhota mwadzidzidzi, pakati pa zipupa ziwiri, pamene ngakhale bokosi la maliro timalidutsitsa choimika.

Tinangomva kuti khoo! Mphuno ya bwato inalowa pa mng'alu wa chipupa cha shabini, mchira n'kukakamira chipupa chinacho. Anapalasa chakumbuyo, osasuntha. Anayesa kutuluka, koma bwato linali litawagwira m'chiuno bwinobwino, monga analonjezera Kapambwe. Anakhala pamenepo chopingasa, atatseka njira yokhayo yotulukira ku tara.

Nthawi inali itapitirira ziro sikisi. Ndinaona a Lemmy ataima kuseri kwa bwatolo ndi wilibala yawo, atanyamula mayi wina. Ndinawakuwira ndi kuwapepesa.

"Nizapita pati, amai?" anayankha. "Ba kapitao bavala njila. Elo wilibala yanga ni ya vidakwa." Anatembenuka n'kubwerera.

Tionge anayamba kulira mwakachetechete, atakumbatira pulasitiki yake. Pamenepo ine mkwiyo unandichotsa manyazi. Ndinamasula chitenge changa, ndinapinda diresi mpaka m'chiuno, ndinatsikira m'madzi n'kuwerama.

"Kwera."

"Amama, nine mukulu. Banthu bazaseka."

"Baseka kale. Kwera, iwe!"

Anakwera. Ndinamumanga ndi chitenge monga ndinkachitira ali wakhanda, miyendo atapinda m'mwamba, pulasitiki ili pamutu. Mwana wa zaka makumi awiri ndi zinayi si thumba la tomato. Msana unalira, ndipo pansi sindinkaona pomwe ndikuponda. Ndinkangofufuza ndi zala, mwala uwu, dzenje ili. China chake chakuthwa chinandicheka kuphazi, koma sindinaime. M'makonde monse mafoni aja anatsika.

Titafika pa kona, tinapeza a Fanwell tayi itanyowa, nkhafi itawathawa.

"Bamake Tionge, nikokeniko pang'ono chabe."

Bwato linali litakakamira zolimba moti silinkagwedezekanso, ndiye ndinamukhazika Tionge pamwamba pake, kutsogolo kwa atate akewo. Ndinadutsitsa mwendo umodzi, kenako unzake, ndinaweramanso, mwana n'kubwerera kumsana. Imeneyo ndiyo ntchito yokhayo imene bwato la panyanja yamchere linagwira mu Kanyama.

Pa tara ndinamutsitsa pouma. Yunifomu inali mbee, kupatula kadontho kamodzi kumpendero, kamene anakapukuta ndi malovu. Akuvala nsapato anaona magazi kuphazi kwanga ndipo anafuna kugwada kuti aone bala.

"Odwala ako ali ku kiliniki," ndinamuuza. "Yenda."

Minibasi inaima, kondakitala anakuwa kuti tauni, ndipo Tionge anakwera. Anandiyang'ana pa windo mpaka basi inakhota. Ndinakhala pamwala n'kulira pang'ono, chifukwa ndinali wokondwa komanso msana unkandipweteka kwambiri.

Pobwerera ndinawapeza a Fanwell akadali pomwepo. Anthu ankadutsa powalumpha, ena akuwapatsa moni wa "mwauka bwanji, ba kapitao." A Chisala anali atapita kukafuna mafuta ophikira oti awapake m'chiuno. Nditayandikira, amuna anga sanadzutse mutu.

"Wakwela basi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Wakwera."

"Sanadetsedwe?"

"Ayi."

Anayang'ana madzi. Kenako anayang'ana chitenge chimene chinali paphewa panga.

"Anakulemelani kumsana?"

Ndinafuna kuwatukwana, mawu anali atafika kale pakamwa. Koma ndinakumbuka ola lija kwa Kapambwe, khosi, mawondo, msana, zala zakuphazi, chilichonse chawo chikuyezedwa mosamala.

"Mukanadziwa, batate bake Tionge," ndinatero. "Koma chibadwire mwana uja simunamunyamulepo."

Ndinalumpha bwato lawo n'kupita kunyumba kukatsuka bala ndi madzi amchere.