Mpopi wa Kuseri kwa Shedi

Ofelia anali atadzaza thumba lachitatu la masamba ouma a mpesa pamene mchimwene wake Nicanor anatulukira pakhomo la kukhitchini.

"Ogula aja abwera Lachisanu kudzayeza malo," anatero. "Akufuna kumangapo nyumba zosanja."

"Papa sanathe ndi sabata yomwe m'manda."

"Nanga dimbali azilima ndani? Iwe umakhala kutali ku Salto, ine msana ndi uwu."

Ofelia anangopitiriza kusesa. Unali mwezi wa Meyi, kamphepo kozizira kochokera kumtsinje katayamba kuyoyola mitengo ya mu Montevideo. Nyengo ngati ino bambo awo, don Anselmo, ankakhala chogwada m'mabedi kubzala adyo ndi anyezi, anawo akulimbirana manachesi oyamba kupsa. Chaka chino mbewu inatsalira m'chitini pawindo, tsiku lobzala litalembedwa pachivundikiro ndi dzanja la bambo awowo.

"Usandiyang'ane choncho, iwe. Nanenso ndinakulira pompano."

"Kukula unakuliradi pano, koma kuthirira unkathawa."

"Ndinkawerenga."

"Unkawerenga mpira."

Nicanor anaseka mosafuna. Kenaka anayamba kuzungulira malowo ngati mlendo, uku agwedeze mpanda, uku asuzumire m'shedi. Kuseri kwa shediyo anapeza mpopi ukudontha, pansi pake pali matope.

"Tabwera udzaone za Papa. Munthu wakonza mipopi ya eni ake zaka makumi anayi, wakewake n'kumadontha."

Anaupotoza kamodzi kokha, madzi n'kulekeratu. Anautsegula, n'kuutsekanso. Mpopiwo unalibe vuto lililonse.

Adakali chiimire, kambalame kofiirira, kaja amati hornero, kanatera m'mphepete mwa matopewo. Kanatapa dothi ndi mlomo n'kuulukira pamwamba pa khoma, pomwe kanzake kankadikira pambali pa chisa chadothi chomangidwa theka. Mvula inali itadula kwa masabata atatu, ndipo m'mabwalo a simenti a nyumba zoyandikana munalibe ndi dontho lomwe.

Ofelia anatsamira tsache lake, atazindikira kuti bambo awo ankausiya dala mpopiwo ukudontha. Nicanor anayang'ana chisacho nthawi yaitali, akupukuta dzanja pabuluku.

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zimalize?"

"Papa ankati mwezi, mwina iwiri."

"Ndiwauza anthu aja kuti Lachisanu sizitheka."

Anawerama, msana womwewo, n'kutsegula mpopi pang'onopang'ono mpaka madzi atayambanso kudontha limodzilimodzi.