Ukonde wa ku Likoma ndi karimbo ya ku Lichinga

Chaka chimene nkhondo inatseka msewu wa ku Lichinga, ine Shemsa ndinali ndi makontu makumi anayi, kontu imodzi ndiyo mametikali chikwi, m'banki ku Metangula, ndalama ya usipa wa zaka zitatu. Banki inali imodzi yomweyo dera lonse. Ikakukwiyitsa lero, mawa umabwerera pakhomo pomwepo.

Ukonde umene anandisiyira malemu amuna anga unali zigamba zokhazokha. A Jumanne, eni chombo, anabwera ndi watsopano kuchokera ku Likoma, nati andisungira mpaka Lachisanu.

Ndinayenda wapansi kuchokera kwathu ku Chiwanga, kabuku ka banki nditamanga pansalu.

"Makontu awiri pa sabata, mayi," anatero a Horácio, mlembi wa banki. "Kuposa apo, pempho lipite ku Lichinga, likadindidwe karimbo, chidindo cha akuluakulu."

"Lipita bwanji?"

"Pa kolona, mdipiti wa magalimoto a asilikali."

"Ibwera liti?"

"Ikabwera."

"Poika ndalamazi simunafune karimbo, bambo."

"Lamulo si langa. Lachokera ku Maputo."

"Ku Maputoko amapha usipa?"

Apamzere anaseka. A Horácio anatsegula bokosi lachitsulo kuti ndione ndekha. Munali timitolo tiwiri ta ndalama ndi ndowe za mbewa.

Anati, "Asodzi anasiya kuika ndalama. Akusunga mchere ndi nsalu. Mwatsala inu ndi aphunzitsi."

"Ndiye chitsiru ndine?"

A Horácio anandikankhira pepala. Ndinadinda chala papempholo.

Lachisanu a Jumanne anandidikira mpaka dzuwa pamutu. Kenako anapereka ukonde kwa munthu wa ku Lunho amene anabwera ndi mbuzi zinayi ndi matumba a usipa. Iyeyo sanafunsidwe pepala.

Karimbo inafika patatha miyezi inayi, metikali itagwa kale. Makontu anga onse anagula chingwe ndi ulusi wosokera zigamba. Kabukuko ndinakasiya patebulo pa a Horácio.

Mwezi wotsatira a Horácio omwewo anatulukira pathandala panga poyanikira usipa, atanyamula thumba.

"Mbale zisanu, mayi Shemsa. Ndalama nayi."

"Mbale imodzi pa sabata, bambo."

"Kunyumba tilipo asanu ndi awiri!"

"Kuposa apo, bwerani ndi mchere."

"Mchere ndiupeza kuti ine?"

"Pa kolona."

Ndinawayezera mbale imodzi, ndikusalaza pamwamba ndi dzanja. Anaima pang'ono, ndalama zili m'manja. Ine ndinabwerera ku zigamba zanga.