Mphekesera ya Shuga wa ku Zambia

Msika wonse wa ku Fíngoè unkanong'onezana kuti mnyamata woyenda ndi kaderno yolembamo uja ndi kazitape wa alfandega, a msonkho wa pamalire aja, wabwera kudzagwira olowetsa katundu wa ku Zambia podzera kutchire. Woyambitsa nkhaniyo anali mana Telma, wokazinga mandazi pafupi ndi poima mamota, njinga zamoto zija. Anangoona mnyamatayo akutembenuza paketi ya shuga kuti awerenge kumene inachokera, basi pakamwa panamuyabwa. Anauza mayi mmodzi yekha, anthuni, mmodzi! Pofika masana ngakhale okumba golide anali atamva.

Chonsecho mnyamatayo, Elídio, anali wophunzira chabe wa ku universidade ku Tete, kwawo ku Chipera konkuno. Aprofesori ake anamutuma kudzafufuza chinthu chimodzi: katundu wa kuno akakwera mtengo, ndi anthu angati amathawira kwa wa ku Zambia? Akuti manambalawo amasonyeza mmene malonda a chigawo amayendera, ndipo iye akanamalizira pomwepo maphunziro.

"Amayi, shuga wa kuno atakwera ndi metikali khumi, mungagule wa ku Zambia?"

"Ine? Sindinamulawepo."

"Nanga mtengo utawirikiza kawiri?"

"Ngakhale katatu, mwanangu. Ife ndi a Mozambiki."

Anthu makumi asanu ndi atatu, yankho limodzimodzi! Ena ankayankha atakhalira thumba la shuga wa ku Zambia yemweyo. Telma naye anayankha choncho, ndipo mnyamatayo atachoka iye anaseka mpaka misozi.

Patatha mwezi Elídio anatulukiranso, maso atalowa m'kati. Anakhala pa benchi la Telma n'kugula mandazi awiri.

"Mano Elídio, kuonda kumeneku? Ku Tete kulibe chakudya?"

"Ntchito yanga aikana, mana. Aprofesori akuti kulibe msika umene zinthu zingadule katatu anthu osasuntha. Akuti ndinangokhala pamthunzi n'kupeka ndekha mayankho. Andipatsa mpaka Lachisanu kuti ndipeze munthu mmodzi, wotchula dzina lake ndi nambala ya foni, afotokoze chifukwa chake nonse munayankha zofanana. Apo ayi, andichotsa. Bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndiphunzire."

Telma anatembenuza mandazi omwe anali atapsa kale. Anatsala pang'ono kuulula ndithu. Koma shuga wa m'mandaziwo amabwera ndi mwamuna wake Joaquim, pa mota, podzera njira zosadutsa pa alfandega. Dzina ndi nambala zikalembedwa ku Tete, ndani akudziwa kumene zikathere? Nanga amayi a mumsika atamva kuti kazitape uja anabadwira m'kamwa mwake?

"Inu mana mumandilandira bwino," anatero Elídio. "Inuyo munandiuza zoona, eti?"

"Zoona, mano."

Anamukulungira mandazi ena atatu aulere. Mnyamatayo anawomba m'manja kuthokoza, kawiri konse, ndipo pamenepo m'pamene Telma anamva ngati mafuta amutayikira pamtima.

Lachisanu linadutsa. Lero Elídio ali kumaenje a golide, matope mpaka m'makutu. Akamadutsa pamsika salephera kukuwa, "Mana Telma, mwaswera bwanji!" Telma amayankha maso ali m'chiwaya. Ndipo miseche anasiyiratu; ngakhale mkazi wa wogulitsa nyama atathawa ndi shofero wa galimoto, iye anangoti kukamwa tseke, anzake mpaka kumufunsa ngati akudwala.

Ena angati Telma anateteza banja lake, ena akanadziwa akanati ndi mfiti yoyenda masana. Nanga inuyo, mwana wa eni ake atakhala pa benchi lanu n'kukufunsani choncho, mukanamuyankha chiyani?